Gogodela: mfuti yomwe ena amaiwombera, ena amaikhoma pakhoma

Kawiri pa chaka, mu Juni ndi mu Seputembala, kamudzi ka Friendship m'chigawo cha Indiana ku America kamakutidwa ndi utsi woyera wonunkha sulufule. Anthu amachokera kutali, ena atavala zikopa za nyama ndi zipewa za makolo awo, kudzapikisana kulasa chandamale ndi mfuti zomwe asilikali a ku Ulaya ndi ku America anazisiya zaka pafupifupi 150 zapitazo. Bungwe lawo, National Muzzle Loading Rifle Association, linakhazikitsidwa mu 1933. Ku Britain kuli linzake, Muzzle Loaders Association of Great Britain, la mu 1952, ndipo kuyambira 1971 pali komiti ya maiko ambiri, MLAIC, yomwe imakonza mipikisano ya dziko lonse lapansi. Mfuti yomwe anthuwa amaikonda chotere ndi ija ife timati gogodela: wonga ndi chipolopolo zimalowera kukamwa kwa mpope, mwini wake n'kutsindira ndi ndodo.

Kwa munthu wa kuno nkhaniyi imamveka yachilendo. Gogodela timaimva pa wailesi alonda a zanyama akagwira munthu m'nkhalango ya Kasungu kapena ku Vwaza. Kunjako ndi masewera a anthu olemekezeka, ndipo mfuti imodzi yakale yokhala ndi dzina la mmisiri wotchuka imagulidwa ndalama zoti munthu angamangire nyumba. Okonda mfutizi ali magulu awiri omwe sagwirizana nthawi zonse. Ena amafuna kumva kulira kwake ndi kuona pamene chipolopolo chagwera. Ena safuna kuti ngakhale kambewu kamodzi ka wonga kaikhudze. Kuti mkangano wawo umveke, tiyenera kuyamba ndi wongawo.

Wonga wakuda ndi zinthu zitatu zosakaniza: mchere wotchedwa saltpetre, makala ndi sulufule. Anautulukira ku China, ndipo ku Ulaya unayamba kudziwika m'zaka za m'ma 1200. Vuto lake ndi lakuti ukapsa, woposa theka susanduka mpweya wokankha chipolopolo. Umatsala ngati utsi ndi mwaye. Mwayewo umakanirira m'kati mwa mpope, umakhuthala pa kuwombera kulikonse, umakoka chinyontho, kenako umayamba kudya chitsulo. Pafupifupi chilichonse pa mbiri ya mfutizi, kapangidwe kake, kawomberedwe kake, ngakhale chifukwa chimene zambiri zakale zili ndi mipope yodyeka, chimachokera pa mwaye umenewu. Wonga wosafuka utsi womwe uli m'zipolopolo za masiku ano unabwera mu 1884, Mfalansa Paul Vieille atautulukira, ndipo ndi wamtundu wina kotheratu. Mphamvu yake ndi yaikulu kwambiri moti wothira mu gogodela amaphulitsa mpope pamodzi ndi dzanja lake.

Kuika chipolopolo chimodzi ndi ntchito. Wowombera amayeza wonga m'kachiyezo, amauthira kukamwa, amayala kansalu kopaka mafuta pakamwapo, amaika chipolopolo chobulungira cha mtovu pakati pa kansaluko, n'kuchikankha ndi ndodo mpaka chikakhale pa wonga. Kenako pafunika moto. Pa mfuti yakale kwambiri, flintlock, chitsulo chowombera chimaluma kamwala kolimba ka flint. Chala chikakoka, kamwalako kamakwapula chitsulo china, tizidutswa ta moto timagwera m'kambale komwe muli wonga pang'ono, motowo n'kudutsa pa kabowo kukayatsa wonga wa m'kati. Zonsezi zimatenga kanthawi kochepa zedi, koma kokwanira kuti bakha wa m'madzi aone kung'anima n'kuthawa. Zimenezi ndi zomwe zinkakwiyitsa Alexander John Forsyth, m'busa wa ku Scotland wokonda uzimba, yemwe mu 1807 analembetsa njira yoyatsira wonga ndi mankhwala ophulika akamenyedwa. Amisiri ena anaikonzanso mpaka panabadwa kachisoti kamkuwa, kaja amalonda a Chiswahili ankati fataki, kovekedwa pa kansonga n'kumenyedwa ndi nyundo ya mfuti. Pofika m'ma 1840 asilikali ambiri anali atasamukira ku fataki, chifukwa mvula sinkailepheretsa ngati kamwala.

Pali kusiyana kwina komwe osunga mfuti sakulekerera munthu akakusokoneza. Mfuti ya mpope wosalala m'kati amati musket. Ya mizere yopota m'kati amati rifle. Mizereyo imazungulitsa chipolopolo pamene chikutuluka, ndipo chozungulira chimayenda mowongoka. Asilikali a Britain kwa zaka zoposa 100 ankanyamula Brown Bess, ya mpope wosalala ndi chipolopolo cholowa mosavuta. Msilikali wophunzitsidwa bwino ankawombera katatu pa mphindi, koma kupitirira mayadi 100 kulasa munthu mmodzi kunali kwa mwayi. Nchifukwa chake ankaima mizeremizere n'kuwombera pamodzi. Ya mizere inkalasa patali, koma chipolopolo chake chinkayenera kuthina kuti chigwire mizereyo, ndipo mpope ukada ndi mwaye kuchitsitsa inali nkhondo. Akuluakulu a nkhondo ankaona kuti kuchedwako n'koipa kuposa kuphonya. Britain inapereka mfuti ya Baker mu 1800, koma kwa magulu ochepa okha osankhika.

Komwe mfuti ya mizere inapeza kwawo kunali kwa alenje. Amisiri olankhula Chijeremani omwe anasamukira ku Pennsylvania m'zaka za m'ma 1700, makamaka cha ku Lancaster, anabwera ndi mfuti yaifupi, yakamwa lalikulu, yotchedwa Jaeger. M'nkhalango za ku America mtovu ndi wonga zinali zodula ndi zolemera kunyamula, choncho pang'onopang'ono kamwa linachepa, mpope unatalika kupitirira mita, thupi lake n'kumasemedwa ku mtengo wa maple wokhala ndi mizere yokongola. Kuthako kwake ankaikako kabokosi kamkuwa kosungiramo tinsalu, ndipo pa kabokosi kameneka ndi pomwe mmisiri ankaonetsera luso lake lonse la zogoba. Mfutiyi amaitchula Pennsylvania rifle, ena Kentucky rifle, dzina lomwe linafala chifukwa cha nyimbo ina yotamanda ankhondo a ku Kentucky pa nkhondo ya ku New Orleans ya mu 1815. Anthu atayamba kulowera kumadzulo, komwe kunali njati za kumeneko ndi zimbalangondo, ndipo ulendo unali wa pa kavalo, panafunika mfuti yaifupi, yolimba, yakamwa lalikulu. Abale awiri, Jacob ndi Samuel Hawken a ku St. Louis, ndiwo anatchuka nayo kuyambira m'ma 1820. Mitundu iwiriyi ndi imene Mmereka amaiona m'maganizo akamanena za mfuti ya makolo.

Mfundo ya kuthina inamasulidwa ndi msilikali wa ku France, Claude-Étienne Minié, cha mu 1849. Chipolopolo chake chinali chachitali, chokumbika kumbuyo, chocheperako pang'ono kuposa mpope. Chinkatsika mosavuta, koma wonga ukaphulika kumbuyoko kunkatambasuka n'kuluma mizere. Mwadzidzidzi msilikali aliyense akanatha kukhala ndi rifle yosachedwetsa. Britain inatulutsa Enfield ya mu 1853, America inatulutsa Springfield ya mu 1861, ndipo mfuti ziwirizi ndizo zinapha anthu ochuluka pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, pamene akazembe ankatumizabe anthu mizeremizere ngati m'masiku a Brown Bess. Enfield yomweyo ili m'mbiri ya India: mphekesera yoti mapepala okutira wonga wake, omwe msilikali ankang'amba ndi mano, anapakidwa mafuta a ng'ombe ndi a nkhumba inathandiza kuyatsa kuukira kwa mu 1857. Ndipo ku America, itatha nkhondo ya ku Gettysburg mu 1863, mwa mfuti zoposa 27,000 zomwe zinatoledwa pabwalo, pafupifupi 24,000 zinali ndi wonga m'kati, zosachepera theka la izo zili ndi zipolopolo zoposa chimodzi. Munthu wamantha, m'phokoso ndi utsi, ankatsindira china pamwamba pa chinzake osadziwa kuti choyamba sichinatuluke.

Pachimake penipeni pa luso la gogodela panafika mfutiyo itatsala pang'ono kutha ntchito. Joseph Whitworth wa ku Manchester anapanga mpope wa makona asanu ndi imodzi m'kati, wopota kwambiri, ndi chipolopolo chachitali chofanana nawo. Mu 1860, pa mpikisano woyamba wa bungwe la owombera la Britain ku Wimbledon, Mfumukazi Victoria anakoka chingwe chomangidwa ku mfuti ya Whitworth, chipolopolo n'kukagwa pafupi ndi pakati pa chandamale cha pa mayadi 400. Amisiri monga Rigby wa ku Dublin ndi Gibbs wa ku Bristol anapitiriza, mpaka anthu ankapikisana pa mayadi 1,000. Mu 1874 ku Creedmoor, kufupi ndi New York, gulu la ku Ireland lokhala ndi magogodela a Rigby linakumana ndi Amereka okhala ndi mfuti zatsopano zoikira chipolopolo kumbuyo, za Remington ndi Sharps. Amereka anapambana 934 kwa 931. Pa kulasa kokha gogodela sinali yotsalira. Chinaigonjetsa ndi liwiro, ndi kuti msilikali wa mfuti yatsopano ankatha kuika chipolopolo ali chigonere. Britain inali itayamba kale mu 1866 kudula ma Enfield ake kumbuyo n'kuikako chitseko cha Snider.

Nanga inabwerera bwanji? M'mapiri a Appalachia, ku Tennessee ndi Kentucky, sinachoke n'komwe. Anthu osauka a kumeneko ankasakirabe agologolo ndi mfuti za agogo awo, ndipo ankachita mipikisano yolimbirana ng'ombe kapena nkhukundembo. Oyambitsa bungwe la mu 1933 anatengera pamenepo, ndipo ankawombera mfuti zakale zenizeni chifukwa panalibe zina, komanso zinali zotsika mtengo. Kusintha kwakukulu kunadza m'ma 1950. Turner Kirkland anatsegula Dixie Gun Works ku Union City, Tennessee, n'kuyamba kuitanitsa magogodela atsopano ku Belgium. Ku Italy, m'chigwa cha Val Trompia kufupi ndi Brescia komwe anthu akhala akusula mfuti kwa zaka mazana, Davide Pedersoli anayamba mu 1957 ndipo Aldo Uberti mu 1959. Chikumbutso cha zaka 100 za nkhondo yapachiweniweni ya ku America, kuyambira 1961 mpaka 1965, chinakulitsa msika. Mu 1970 kampani ya Thompson/Center inatulutsa mfuti yomwe inaitcha Hawken, ngakhale odziwa amati siifanana kwenikweni ndi ya ku St. Louis, ndipo mu 1972 filimu ya Jeremiah Johnson inachititsa anyamata ambiri kuifuna. Zigawo zambiri za America zinapatula nyengo yapadera yosaka nyama ndi gogodela, ndipo Pennsylvania mpaka lero ili ndi nyengo ya pambuyo pa Khirisimasi yomwe amalola flintlock.

Nyengo yapaderayo inabala mkangano wake. Alenje ena sankasamala za mbiri. Ankangofuna masiku owonjezera m'tchire. Mu 1985 Tony Knight wa ku America anawapangira MK-85, mfuti yothirabe wonga kukamwa kuti lamulo liilole, koma m'zina zonse yofanana ndi ya makono. Masiku ano zotere zili ndi magalasi oonera patali, thupi la pulasitiki, ndi wonga wolowa m'malo monga Pyrodex, woumbidwa timibulu kuti munthu asavutike kuyeza. Okonda za makolo amati kumeneko n'kulowera pazenera. Ine ndili kumbali yawo pang'ono: nyengoyo inaperekedwa chifukwa mfutiyo ndi yovuta, ndiye ukachotsa kuvutako watsala ndi chiyani? Komabe mlenje wa mfuti yatsopanoyo ali ndi yankho losapepuka, lakuti mfuti yolasa bwino imasiya nyama zochepa zovulala zikuthawira m'thengo.

Wowombera weniweni wa gogodela amakhala mmisiri wa chipolopolo chilichonse. Amene amagula zipolopolo za m'fakitale amalandira zonse zitayezedwa kale. Uyu amayeza yekha. Wonga uli ndi misinkhu, kuyambira wokhakhala Fg mpaka wosalala FFFFg wa m'kambale, ndipo kusintha msinkhu kapena fakitale, kaya ndi Goex wa ku America kaya Swiss wa ku Aubonne, kumasuntha pogwera chipolopolo. Kukhuthala kwa kansalu kuli ndi gawo, mafuta opaka ali ndi gawo, ngakhale mphamvu yomwe dzanja latsindira. Akatswiri amayenda kutsogolo kwa mfuti kukatola tinsalu towomberedwa n'kutiwerenga: kong'ambika kakunena za mzere wakuthwa kapena nsalu yopyapyala, kopserera kakunena kuti moto ukudutsa m'mbali. Ambiri amasungunula mtovu okha, amaumba zipolopolo m'chikombole, n'kuziyeza pa sikelo chimodzichimodzi, chopepuka n'kuchibweza mumphika chifukwa m'kati muli mpweya. Wa flintlock ali ndi ntchito ina yosongola kamwala, ndi yodziletsa kuti asaphethire kapena kugwedeza mfuti pamene moto wabuka pafupi ndi diso lake chipolopolo chisanatuluke. Pa mipikisano yambiri ya MLAIC munthu amapatsidwa mphindi 30 kuti awombere zipolopolo 13, ndipo zabwino 10 ndizo zimawerengedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akamaliza sagona asanatsuke mpope ndi madzi, kuuumitsa ndi kuupaka mafuta, apo ayi m'mawa apeza dzimbiri.

Malamulo a chitetezo pa masewerawa ndi ochepa, koma lililonse lili ndi wovulala kumbuyo kwake. Sathira wonga kuchokera m'botolo kapena m'nyanga kulunjika mumpope, chifukwa kamoto kotsalira kangayatse botolo lonse m'manja. Sasiya mpata pakati pa wonga ndi chipolopolo, poti pamenepo mpope umatupa kapena kung'ambika. Mfuti ikakana kulira amaigwirabe molunjika ku chandamale kwa kanthawi, chifukwa nthawi zina imalira mochedwa. Saika nkhope pamwamba pa kamwa potsindira. Ndipo pa ndodo amalembapo chizindikiro choonetsa pomwe imafika mpope ukakhala wopanda kanthu. Chizindikiro chimenechi n'chofunikanso kwa osunga zakale, chifukwa wonga wakuda wouma sukalamba, ndipo mfuti zambiri zopezeka m'madenga a nyumba zimakhala ndi chipolopolo chomwe mwini wake anaika asanamwalire.

Wosunga zakale amayang'ana mfuti ndi maso ena. Choyamba amafuna zidindo. Ku Britain mpope unkayesedwa ndi wonga wochuluka usanagulitsidwe, n'kudindidwa ku London kapena ku Birmingham, komwe nyumba yoyesera inakhazikitsidwa mu 1813 ndipo ikugwirabe ntchito. Ku Liège, Belgium, chidindo chodziwika ndi zilembo ELG. Pa chitsulo cha m'mbali cha mfuti ya boma la Britain pamakhala chisoti chachifumu, zilembo za mfumu kapena mfumukazi, ndi mawu oti Tower, nthawi zambiri ndi chaka. Mfuti za ku Pennsylvania zilibe zidindo za boma; zina zili ndi dzina la mmisiri pamwamba pa mpope, monga Jacob Dickert wa ku Lancaster kapena J. P. Beck wa ku Lebanon, koma zambiri zilibe, ndipo wodziwa amazindikira dera lake poona kapindikidwe ka thako ndi maluwa a pa kabokosi. Buku la Joe Kindig Jr. la mu 1960 ndilo linathandiza kwambiri kuti anthu aleke kuziona ngati zida chabe, ayambe kuziwerenga ngati ntchito ya luso ya dera ndi dera.

Pomwe pali ndalama pali akathyali. Ma flintlock ambiri anasinthidwa kukhala a fataki m'ma 1830 ndi 1840, eni ake akufuna mfuti yodalirika. Popeza wogula wa lero amalipira zambiri pa flintlock, anthu ena amazibwezera mwakachetechete ku kamwala n'kumazigulitsa ngati sizinakhudzidwepo. Ena amagoba dzina la Hawken pa mfuti wamba ya m'nthawi yomweyo. Ena amatenga ya ku Italy ya m'ma 1970, amapala zilembo, amaidyetsa mankhwala kuti ichite dzimbiri. Kumalire a Pakistan ndi Afghanistan, cha ku Khyber, amisiri akhala akukopera mfuti za Britain ndi zidindo zomwe kwa nthawi yaitali, ndipo nthawi zina chilembo chotembenuka kapena chaka chosagwirizana ndi mfumu ndicho chimawaulula. Msika umathanso kugwedezeka ndi zenizeni: mu 2003 amalonda a ku America anagula nkhokwe yakale ya zida za mafumu a ku Nepal, mfuti zoposa 50,000 zomwe zinakhala m'nyumba ina ku Kathmandu zaka zoposa 100, ndipo mitundu ina yomwe inkaoneka yosowa inapezeka paliponse.

Koma mdani wamkulu wa mfuti yakale si wakuba kapena wonyenga. Ndi mdzukulu wa mtima wabwino wokhala ndi sandipepa. Chitsulo chakale chimakhala ndi khungu lofiirira lomwe zaka zinapanga, mtengo umada pomwe manja ankagwira, ndipo zidindo za woyendera pa mtengo ndi zosaya moti kupala kamodzi kumazifafaniza. Woipala kuti iwale wachotsa theka la mtengo wake ndi umboni wonse. Osunga odziwa amangoletsa dzimbiri lofiira lomwe likudyabe, amapaka phula kapena mafuta pang'ono, n'kuisiya. Ambiri masiku ano salolanso kubwezera ku kamwala mfuti yosinthidwa, poti kusinthako ndi gawo la moyo wake: kukusonyeza kuti wina anaidalira mpaka m'badwo wachiwiri.

Apa ndi pomwe magulu awiri aja amasemphana. Wosunga amati mfuti za Dickert sizidzachulukanso, mtengo wa zaka 200 ndi wouma ndipo ungasweke pakhosi, chitsulo chosulidwa pamanja chingakhale ndi mng'alu wosaoneka. Kuwombera kulikonse n'kutchova juga ndi chinthu chomwe si chako wekha. Wowombera amati mfuti yosalira ndi mtembo, ndipo zambiri zomwe tikudziwa lero za mmene Enfield kapena Whitworth inkalasira tazidziwa chifukwa anthu anaziyesa pabwalo, osati m'mabuku. Onse akunena zoona, koma sakunena za mfuti imodzi. Enfield inapangidwa yambirimbiri, ndipo yolimba yoyesedwa ndi mmisiri itha kuwomberedwa mosamala popanda dziko kutayapo kanthu. MLAIC yomwe ili ndi zigawo ziwiri, cha zenizeni ndi cha zokopera. Koma ya mmisiri mmodzi, yogobedwa pamanja, ilibe chifukwa chopitira pabwalo masiku ano pamene zokopera zabwino zilipo, kuphatikizapo zosemedwa ndi amisiri amakono omwe anaphunzira ntchitoyo poyang'ana zakale zomwe osunga anateteza. Malamulonso amasiyanitsa ziwirizi. Ku Britain munthu atha kusunga mfuti yakale ngati chokongoletsa popanda chiphaso, koma tsiku lomwe wafuna kuiwombera afunika chiphaso cha mfuti ndi chinanso cha wonga. Ku America lamulo la boma lalikulu siliwerengera gogodela wamba pamodzi ndi mfuti zina, ngakhale zigawo zina zili ndi malamulo awoawo.

M'mabuku a osunga a kunja muli mtundu wina womwe kwa nthawi yaitali unkanyozeka, wotchedwa mfuti za malonda a ku Africa. Pamenepa nkhaniyi yafika pakhomo pathu. Birmingham ndi Liège ankasula mfuti zotsika mtengo, zambiri za mpope wosalala, zogulitsa kugombe la Africa, ndipo nkhondo iliyonse ikatha ku Ulaya zotsala za asilikali zinkatsatira njira yomweyo: za Tower itatha nkhondo ya Napoleon, ma Enfield atalowedwa m'malo ndi zatsopano. Kudzera ku Zanzibar, Kilwa ndi Quelimane zinafika kunyanja yathu ndi ku Zambezi, zikusinthanitsidwa ndi minyanga ya njovu ndi anthu. Achikunda a m'chigwa cha Zambezi ankasaka nazo njovu. Mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda, komanso Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga, mphamvu zawo zinatsamira pa mfuti ndi wonga. Mlozi analimbana ndi African Lakes Company kuyambira 1887, mpaka asilikali a Harry Johnston anagumula linga lake n'kumupachika mu Disembala 1895. Alenje achizungu nawonso anayamba ndi gogodela: Frederick Selous m'ma 1870 ankapha njovu kumwera kwa Zambezi ndi mfuti zoponya chipolopolo cholemera magalamu oposa 100, ndipo pambuyo pake anadandaula kuti kukankha kwake kunamuonongera kawomberedwe.

Chomwe chinachititsa kuti gogodela ikhalitse kuno kuposa kwina si umbuli wa makolo athu ayi, ndi pangano. Mu 1890 maiko a ku Ulaya ndi ena anasaina pangano la ku Brussels, lomwe pofuna kuthetsa malonda a akapolo linaletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha pakati pa Africa, koma linasiya khomo lotseguka kwa ma flintlock opanda mizere ndi wonga wamba. Mzungu anasunga mfuti yothamanga, Mwafirika n'kumusiyira yofuka utsi. Nchifukwa chake mafakitale a ku Belgium anapitiriza kusula mfuti za kamwala mpaka m'kati mwa zaka za m'ma 1900, ndipo osema miyala a ku Brandon ku England ankatumizabe timiyala ta flint ku Africa pamene kwawo kunalibe msilikali kapena mlenje wotifuna. Ku Zambia, Stuart Marks, yemwe anakhala pakati pa Abisa a m'chigwa cha Luangwa m'ma 1960, anapeza gogodela ikadali mfuti ya mlenje wa pamudzi, cholowa cha pabanja chokhala ndi miyambo yake.

Mfuti zotere zikafika m'manja mwa wosunga wa ku Ulaya, kale ankaziona ngati zoonongeka: thako lomangidwa ndi chikopa chaiwisi kapena waya wamkuwa, misomali yamkuwa yokhomedwa mwa maluwa, chowombera chosulidwa ndi mmisiri wa pamudzi, mpope wodulidwa pomwe unang'ambika. Koma ngati flintlock ya ku Pennsylvania yosinthidwa mu 1840 iyenera kusiyidwa momwemo chifukwa kusinthako ndi mbiri, ndiye kuti chikopa chomangidwa ku Mangochi kapena ku Tete n'chimodzimodzi. Mfuti yokhala ndi chidindo cha Birmingham pampope ndi ntchito ya wosula wa Chiyao kapena Wachewa pa chowombera ikunena za njira yonse ya malonda aja, zomwe yosakhudzidwa ya m'nkhokwe ya boma siinganene.

Masewera a ku Friendship sangakopedwe kuno mwachisawawa, ndipo sindikuwaitanira. Ku Malawi mfuti iliyonse imafuna chiphaso cha apolisi, ndipo chisinthireni lamulo la zanyama zakutchire mu 2017, milandu ikuluikulu yopha nyama zotetezedwa imatha kumangitsa munthu zaka mpaka 30. Magogodela ambiri omwe amalandidwa masiku ano ndi osulidwa kumudzi ndi mapaipi wamba, osayesedwa ndi aliyense, oopsa kwa njovu ndi kwa mwini yemwe. Amenewo aonongedwe. Koma pakati pa mulu wotere, ndiponso m'nyumba za mafumu ndi mabanja ena akale, simungalephere kupezeka ina yokhala ndi chisoti chachifumu ndi chaka pambali pake, kapena zilembo ELG pafupi ndi thako la mpope. Imeneyo, isanaponyedwe pamoto kapena kupalidwa ndi sandipepa, ikanayenera kuonedwa ndi a nyumba zosungiramo zinthu zakale. Ayambe alowetsa ndodo kuti adziwe ngati mulibe wonga, ajambule zidindo zonse, kenako akhale pansi ndi wamkulu wa pabanjapo afunse kuti inabwera ndi yani, kuchokera kuti, ndipo anapereka chiyani kuti aipeze.